Chifunga pa Magalasi a Mdala

Sajeni anali atakhalitsa pa ntchito ya upolisi, ndipo ankadziwa kuti munthu wa m'chitolokosi amabisa nkhope kapena manja. Mtsikana uyu nkhope sanabise ayi. Anamuyang'ana Sajeni m'maso momwe, koma dzanja lamanja anali atalipana m'khwapa ngati pali wofuna kumulanda.

Mtsikanayu anzake a kuntchito ankamutchula Nabuluu, chifukwa utoto wabuluu wa mu labotale sunkachoka m'zala zake. Anali wophunzira wa kafukufuku, mayi wa mwana mmodzi, ndipo mawa lake anali woti akaonekere kukhoti pa mlandu wakupha. Womwalirayo anali mdala wosamala ng'anjo mu labotale momwemo. Loweruka m'mawa mdalayo anadzitayira pantchafu zam'botolo lofinya, lomwe aliyense ankadziwa kuti mumakhala sipiritsi wotsukira. Koma wina anali atathiramo asidi, asidi woipa uja amadya ngakhale galasi, wooneka ngati madzi, wosawawa pomwepo. Mdala anangopukuta ndi dzanja la jekete, n'kupitiriza ntchito. Pofika Lamulungu mtima wake unali utasiya kugunda.

"Ndiuzenso za Loweruka," anatero Sajeni, akukhala pa benchi.

"Ndanena kale, amayi. Ndawauza abwana anu, ndawauza aja ankalemba. Mukufuna ndinene mwa nyimbo?"

"Pakamwa pakopo ndi pomwe pakugoneka muno. Nena."

Nabuluu anausa moyo. Mawu ake ankatuluka odukaduka, ngati a munthu amene akuluma mano.

"Lachinayi ndi Lachisanu ndinali kuchipatala, mwana anali ndi chibayo. Loweruka ndinapita kuti ndikagwire ntchito yotsalira. Ndinawapeza mdala akutsuka timapale toyesera ta aPulofesa, abwana athu, atavala magolovesi aja akuda. Sitinalonjerane. Kenako botolo linawapulumuka, chivindikiro n'kuchoka, thalauza yonse n'kunyowa. Anang'ung'udza pang'ono, amvekere sipiritsi amauma yekha. Basi."

"Simunalonjerane chifukwa chiyani?"

"Ng'anjo. Timapale ta aPulofesa timayeretsa madzi. Tanga, njira yomweyo, mankhwala omwewo, sitiyeretsa. Miyezi ndi miyezi ndikuvutika. Ndinaganiza kuti mdala amandiwotchera molakwika dala, ndiye ndinawalalatira pamaso pa anthu kuti tsiku lina adzaona. Ndinanena, sindikukana. Koma kunena si kupha."

Sajeni anangotambasula dzanja lake, chikhatho kumwamba, n'kudikira. Mtsikanayo anapukusa mutu. Sajeni anadikirabe, poti kudikira ndi ntchito yomwe ankaitha kuposa apolisi onse a pamenepo. Mapeto ake dzanja lija linatuluka m'khwapa.

Mayo ine! Chala chachikulu chinali chitatuwa ngati nyama yophika, ndipo chikhadabo chinali chitayamba kuda m'mbali.

"Inki ya cholembera inandidetsa," anatero Nabuluu. "Ndinafinyira sipiritsi wa m'botolo lomwelo pachala kuti ichoke. Tonse timatero. Madzulo chinayamba kuphwanya, ndinayesa chithupsa. Nditamva za mdala m'pamene ndinadziwa, koma apolisi anali atayamba kale kufunsa kuti wagwira asidi ndani. Amayi, chonde, musawauze. Akaona chala ichi ine ndathera pompo."

"Nanga ukachisiya?"

"Asidi ameneyu saima. Amapita mpaka pafupa."

Sajeni anapita kukawauza. Akanatani? Anagogoda kwa Inspekita, n'kupempha galimoto yoti mtsikanayo apite kuchipatala. Inspekita anamvetsera akusosola mano, kenako nkhope yake inawala ngati wauzidwa za kukwezedwa pa ntchito.

"Umboni ndi umenewotu, Sajeni! Asidi wamuluma mwini wake. Kuchipatala apita, inde, akangosaina kuti wavomera. Ululu umathandiza munthu kukumbukira."

"Bwana, chala chikuola."

"Mdala uja waola thupi lonse. Tsekani chitseko potuluka."

Sajeni anatuluka mtima ukumuwawa kwambiri, ndipo anadzida. Mtsikana anamupempha chinthu chimodzi chokha, iye n'kukachipereka m'manja mwa fisi.

* * *

Labotale inali pansanjika yachiwiri ya nyumba yaitali, kumapeto kwa khonde lonunkha penti. Amene anamutsegulira anali mkulu woyendetsa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, yemwe onse ankamuti Wamaso. Anali wonenepa, wa switi m'tsaya, wa mtundu wa anthu omwe ngakhale pa maliro pakamwa sipatsekeka.

"Madamu, lowani, koma musagwire kanthu. Muno ngakhale chooneka ngati madzi chili ndi mano."

"Mumapanga chiyani muno kwenikweni?"

"Eee, mwafunsa bwino, akazi anga anasiya kufunsa." Anatola kachidutswa kotuwa, konyezimira, ndi kopanira kachitsulo. "Aka timati kaphale. Ndi silikoni, yemweyo ali m'foni mwanumo. Timakaviika mu asidi wosakaniza ndi sipiritsi, n'kudutsitsamo magetsi. Asidi amaboola timabowo tambirimbiri, kaphale n'kukhala ngati siponji. Kenako timabzalamo titaniyamu, ufa woyera uja amaika mu penti. Amamera m'timabowomo ngati tisingano. Mabowo akakula tisingano timanenepa, akachepa timaonda. Ndiye pamabwera ng'anjo ya malemu. Mukawotcha pang'ono tisingano timakhala tosakhwima, mukapyola muyeso timasanduka taulesi. Mukapeza pakatikati, tikangoona dzuwa timaphwanya zoipa za m'madzi. Ntchito yonse muno ndi kusaka pakatikati pamenepo."

"Ndipo aPulofesa anapapeza?"

"Iwo aja? Amaponya kaphale m'madzi a utoto wabuluu, kuika padzuwa, tiyi asanazizire madzi ali mbee! Dziko lonse linamva. N'chifukwa chake kukubwera alendo sabata ino, akuti akufuna ayese ndi manja awo. Ndiye bwerani muone zomwe adzayese."

Anamutengera kuchipinda chamkati, komwe kunali kabati yagalasi yokoka mpweya ndi sinki yapulasitiki. Pa thireyi panali timapale tambiri, tonse totuwa mofanana.

"Aka kanali kobiriwira, aka kofiirira, aka ngati phiko la ntchentche. Mtundu umatiuza kunenepa kwa titaniyamu. Pano onani, tonse tili maliseche. Asidi uja wasenda zonse. Ntchito ya zaka, madamu, yapita ndi madzi a mu sinki."

"Palibe chomwe chatsala?"

"Ngakhale mapasa." Apa Wamaso anasiya kutafuna switi. "Ndi zomwe zikundizunguza mutu. Lamulo la muno, la aPulofesa eni ake: kaphale kalikonse timakadula pakati. Theka ndi la ntchito, theka lina timaliti mapasa, limakhala mu mtsuko wouma uwo. Mapasa satuluka, satsukidwa, saona dzuwa. Alipo kuti tsoka likagwa pakhale potsalira. Koma malemu anatsuka ndi mapasa omwe."

"Kiyi wa mtsuko amasunga ndani?"

"APulofesa."

"Inu munationapo timapale tawoto m'makina anu?"

"Tawo amajambula okha. Ine ndimajambula ta ana asukulu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, madamu, ndiye ine ndimangokhala chete."

"Lachisanu munali kuti?"

"Kuchipinda changa uko, ndi makina anga. Muno sindilowa popanda wondiperekeza, lero ndalowa chifukwa muli ndi yunifomu. Ndili ndi ana, ine. APulofesa ananyamuka masana kupita kumsonkhano wawo wakutali uja, malemu anatsala yekha mpaka kuweruka. Nabuluu sanabwere."

Sajeni ankazidziwa zimenezo. Pulofesa anali atauza apolisi kuti Lachisanu, asananyamuke, anagwiritsa ntchito botolo lija ndi manja ake, ndipo munali sipiritsi weniweni. N'chifukwa chake Inspekita ankati asidi analowamo Loweruka, tsiku lomwe mu labotale munali anthu awiri okha, wina n'kufa.

Sajeni anafuna kutembenuza kaphale kamodzi, ndiye anapempha magolovesi. Wamaso anamupatsa opyapyala, abuluu, a m'kabokosi.

"Nanga awo?" anafunsa Sajeni, akuloza akuda, aatali mpaka m'zigongono, omwe anali pa msomali.

"Awo ndi a asidi basi. Olemera ngati jombo. Mutavala amenewo ngakhale supuni simungaigwire bwino."

"Munthu wotsuka ndi sipiritsi angavale amenewo?"

Wamaso anaseka mpaka switi inatsala pang'ono kumutsamwa.

"Pokhapokha mutu utazungulira!"

Sajeni sanaseke. Mtsikana uja anati mdala anali atavala magolovesi akuda. Ndiye kaya mtsikanayo ananama, kaya mdala ankadziwa kuti m'botolo muli asidi. Koma munthu wodziwa angadzitayire asidi pantchafu n'kunena kuti auma yekha?

* * *

Nyumba ya mdala inali kumapeto kwa msewu wa fumbi, ya zipinda zitatu, ya khonde lopolishidwa. Anthu a maliro anali atabalalika. Pabalaza mipando inali isanabwerere m'malo mwake, ndipo jekete ya malemu inali idakali pa msomali kuseri kwa chitseko. Mayi wamasiye anakhala pampando waufupi, manja pamaondo. Ankayankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi, ngati akuwerenga mawu ake pa simenti.

"Mwana wanga, apolisi anzako anabwera kale. Anafunsa za mtsikana uja basi. Ndinati sindimudziwa, ndimangomva kuti ndi wapakamwa. Bambo a kuno sankamusungira mangawa. Ankati mwana uja ndi wolimbikira, kungoti zinthu zikumukanika, ndiye mkwiyo umafuna pogwera."

"Mayi, ine ndikufuna za Lachisanu."

"Lachisanu?" Mayiwo anadzutsa mutu. "Palibe anandifunsapo za Lachisanu."

"Anabwera ali bwanji?"

"Anapunthwa pakhomo apo. Zaka zonsezi sanapunthwepo pakhomo pawo. Amvekere, mayi, ng'ala ija adokotala ankanena yafika, ndikuona ngati kunja kuli chifunga. Ndinati tipite kuchipatala Lolemba. Lolemba lake ndi lomweli tawaika m'manda."

"Magalasi awo alipo?"

Anali pamwamba pa wailesi, opindidwa bwino. Anali akale, olemera, a mafelemu okhuthala. Sajeni anapita nawo pawindo n'kuwayang'anitsa kudzuwa. Onse awiri anali otuwa, ngati munthu wawauzira mpweya. Anawapukuta ndi nsonga ya malaya, koma chifungacho sichinachoke. Atakanda ndi chikhadabo anamva kukhakhala.

Ng'ala sinali m'maso mwa mdala. Inali pa galasi.

"Ankawatsuka ndi chiyani?"

"Kuntchito konko, ndi sipiritsi wawoyo. Tsiku lililonse poweruka, asanavule magolovesi a ntchito. Ankati sopo wanga amasiya mafuta. Ana anawagulira ena apulasitiki, opepuka, anawakana. Ankati galasi ndi galasi."

Ndiye kuti Lachisanu poweruka asidi anali kale m'botolo, pomwe Nabuluu anali kuchipatala atafungata mwana wake wa chibayo. Sajeni anafuna kuthamanga nthawi yomweyo, koma anadzigwira. Panali funso lina.

"Loweruka ankagwira ntchito nthawi zonse?"

"Ayi. Loweruka linali la kudimba kwawo kuseriku. Koma abwana awo anawapempha. Akuti kukubwera alendo, timapale tonse titsukidwe tiwale. Anawasiyira ndi kiyi yemwe, wa mtsuko winawake. Bambo anadabwa, koma iwo sankatsutsa abwana." Mayiwo anamwetulira pang'ono, kumwetulira komvetsa chisoni. "Mpaka anaseka pa chakudya. Amvekere, bwana wanga wayamba kukalamba. Wandigulira magolovesi atsopano a asidi, akuti ndivale potsuka ndi sipiritsi. Ndinati bwana, sipiritsi? Akuti lonjeza. Wandigwira paphewa, akuti mdala, lonjeza kuti uvala."

"Ndiye analonjeza?"

"Bambo a kuno akalonjeza ankachita, mwana wanga. Ngakhale chopusa."

Sajeni anakulunga magalasi aja mu mpango wake. Mayi wamasiye anamuyang'ana akuwaika m'thumba.

"Mudzandibwezera? Ndi okhawo amandiyang'ana muno."

"Ndidzabweretsa ndekha, mayi."

* * *

Dzuwa linali litapendeka pomwe anafika ku ofesi ya Pulofesa. Anawapeza awiri, Pulofesa ndi Inspekita, akumwa tiyi. Inspekita anali atabwera kudzakonza za umboni wa kukhoti, ndipo anakhala mwaulemu, chipewa pabondo, ngati mwana wasukulu. Pulofesa anali wamtali, wa imvi zosamalika, atavala tayi yakuda. Maso ake anali ofiira. Sajeni anaona kuti munthuyu wakhala akulira zoona, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa.

"Sajeni, mukufuna chiyani kuno?" anafunsa Inspekita.

"Ndabwera kudzaphunzira, bwana. Ine sukulu sindinapite nayo patali."

Anamasula mpango n'kuika magalasi aja pa tebulo, pafupi ndi kapu ya Pulofesa.

"Bwana Pulofesa, tandithandizeni. N'chiyani chimachititsa galasi kutere?"

Pulofesa anawatola. Anawapendeketsa kuwindo, n'kuyendetsa chala pamwamba pake. Mwadzidzidzi anawaika pansi msangamsanga, n'kuyang'ana nsonga za zala zake.

"Musaope, auma kalekale," anatero Sajeni. "Mwawazindikira eni ake?"

"Ndi a mdala wathu. Mulungu awuse mzimu wake." Mawu ake anali ofatsa, a munthu wozolowera kumvedwa. "Asidi ayenera kuti anawathovukira pa ngozi ija ya Loweruka. N'zomvetsa chisoni, mayi wapolisi, koma sizachilendo."

"Akazi awo akuti anafika nawo kunyumba ali chonchi Lachisanu. Anapunthwa nawo pakhomo. Ankawatsuka poweruka ndi botolo lija, lomwe inu munati munali sipiritsi weniweni pomwe munkanyamuka."

"Munali sipiritsi."

"Ndiye pakati pa kunyamuka kwanu ndi kuweruka kwa mdala, asidi analowamo yekha? Mtsikana uja anali kuchipatala, manesi akumudziwa ndi mwana wake yemwe. Wamaso salowa m'chipinda chija."

"Mayi wachikulire amene ali pa chisoni akhoza kusokoneza masiku."

"Akhoza. Nanga kiyi wa mtsuko wa mapasa, nayenso wasokoneza? Lamulo lanu lomwe limati mapasa satsukidwa. Munawatulutsiranji?"

"Alendo ankafuna kuona zonse. Ndinafuna zioneke bwino."

Inspekita anakhosomola. "Sajeni, mukuyankhula ndi munthu wolemekezeka."

"Ndatsala ndi funso limodzi, bwana, kenako mundithamangitse." Anatembenukira kwa Pulofesa, n'kutsitsa mawu. "Inu ndinu munthu wosamala. Aliyense akunena zimenezo. Mu labotale yanu simunapsepo munthu zaka zonsezi. Ndiye tandiuzani, munthu wosamala ngati inu, mumaguliranji magolovesi a asidi munthu wokatsuka ndi sipiritsi?"

Sajeni anamuyandikira.

"Munamugwira paphewa. Munati lonjeza."

Kunja wina ankakoka mpando pa simenti. Pulofesa anakankhira kapu yake pambali.

"Alendo aja akanayesa ndi manja awo," anatero Sajeni, "akanapeza zomwe mtsikana uja wakhala akupeza miyezi yonseyi. Si choncho? Ndiye timapale tinayenera kufa alendo asanafike, ndi mapasa omwe, inu muli kutali kumsonkhano."

"Ndinamuuza avale!" Mawu aja ofatsa anasweka. Pulofesa anaimirira, akuyang'ana kwa Inspekita ngati iye ndi amene angamumvetse. "Ndinamugulira atsopano, okhuthala, abwino kuposa onse. Mankhwala opaka munthu akapsa ndi asidi ndinawachotsa m'bokosi, ndinawaika pa tebulo pake penipeni kuti awaone. Ndinaganizira zonse! Anayenera kungofinya, timapale n'kutuwa, basi. Tikanati ndi ngozi, wina wasokoneza mabotolo. Palibe amene anayenera kuvulala. Ndagwira ntchito ndi mdala uja kuyambira ndili mnyamata, mukuganiza kuti ndingamuphe? Akanangovala..."

"Anavala, bwana."

"Mwati?"

"Anavala, monga analonjezera. Magolovesi amenewo sagwira kanthu kakang'ono. N'chifukwa chake botolo linamupulumuka."

Pulofesa anakhala pansi pang'onopang'ono. Sajeni sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Munthu uyu analirira mdala ndi diso limodzi, diso linalo akuloza nalo mwana wa eni kuti apolisi amutenge.

Sajeni anatola magalasi, n'kuwakulunganso mu mpango. Kenako anatambasulira Inspekita dzanja.

"Makiyi a galimoto, bwana. Ndi a chitolokosi."

Inspekita anawapereka osamuyang'ana kumaso.

* * *

Kuchipatala anawalandira mwachangu, koma changu cha mochedwa n'chachabe. Dokotala wachitsikana anamasula nsanza yomwe Nabuluu anakulunga pachala, anayang'ana, n'kutumiza kukajambula. Atabwerako anamuitanira Sajeni pakhonde.

"Mwamusunga kuti munthu ameneyu?"

Sajeni anayang'ana nsapato zake.

"Dzanja tilipulumutsa," anatero dokotala. "Mtima wake uli bwino, tamubaya mankhwala. Koma asidi wafika pafupa. Chala chichoka. Akanabwera m'mawa, mwina tikanayesa."

M'mawa. M'mawa womwewo Sajeni anaima pakhomo la Inspekita n'kumvera lamulo loti atseke chitseko potuluka. Akanatha kuthyola lamulo, kumukweza mtsikanayo pa basi, za ntchito n'kudzaziona pambuyo. Sanatero. Madzi akatayika saoleka, ndipo mawu amenewo sanamutonthoze konse.

Nabuluu anali atagona pa bedi la matayala, atavala gauni ya chipatala, dzanja lili pamwamba pa pilo. Anali atauzidwa kale. Maso ake anali ouma.

"Mlandu wako watha," anatero Sajeni. "Kukhoti supita. Mng'ono wako akubwera ndi mwana."

"Kopanira timagwira ndi chala chimenechi," anatero mtsikanayo, akuyang'ana kudenga. "Kaya ndiphunzira ndi lamanzere." Kenako anatembenukira kwa Sajeni. "Amayi, ndiye timapale ta aPulofesa sitinkayeretsa madzi?"

"Avomera zonse. Ankadonthezera bulitchi, mankhwala ochotsa utoto aja, m'madzimo mwakabisira. Akuti poyamba kaphale kamodzi kanachitadi bwino, koma sikanabwerezenso, ndiye anali atalengeza kale."

"Ndiye tanga tija tinalibe vuto."

"Tinalibe."

"Ndi ng'anjo yomwe."

"Ng'anjo inali bwinobwino. Akazi awo akuti mdala ankakunena kuti ndiwe wolimbikira."

Apa ndi pomwe nkhope ya Nabuluu inasweka. Sanalire chifukwa cha chitolokosi, sanalire chifukwa cha chala, koma apa analira mpaka bedi linagwedezeka.

"Ndinakunamizani m'mawa muja," anatero akusisima. "Ndinati sitinalonjerane. Iwo anandilonjera. Nditangolowa anatembenuka, magolovesi ali m'manja, akutsinzinira ndi magalasi awo aja. Amvekere, mwana wanga, kodi mdzukulu wathu wadzuka bwanji kuchipatalako?"

"Ndiye unati chiyani?"

"Sindinawayankhe."

Manesi awiri anafika, wina n'kumasula mabuleki a bedi ndi phazi. Sajeni anayenda nawo mpaka pa chitseko chomwe alendo saloledwa kupyola. Chitatsekeka anakhala pa benchi, n'kupisa dzanja m'thumba kufuna mpango woti apukutire kumaso. Anapeza kuti muli magalasi a mdala, ndiye anangopukuta ndi chikhatho.